Kamlomo Kamene Kanatibwezera Fanuwelo

Ndikukumbukira, ee anzanga, ndikukumbukira chizimalupsa cha chaka chimene mlongo wanga Fanuwelo anali khanda la kumsana, ine ndili kamtsikana kothothoka mano a kutsogolo, mlezi wake. Chaka chake musandifunse, manambala ine anandithawa kalekale. Koma inali nthawi ija ya chipani chimodzi, nthawi ya makadi, pamene amayi a m'midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ankavala nsalu imodzi, ya nkhope imodzi, n'kuvina gule mmodzi. Amene munaliko mwayamba kale kugwedeza mitu.

Ndiyambe ndi mlomo, poti nkhani yonseyi yagona pa mlomo. Tagwirani pansi pa mphuno yanu. Mwakapeza kangalande kaja kotsika kuchokera pamphuno kukafika pa mlomo wam'mwamba? Ife tili ana tinkakatcha kanjira ka mamina, ndipo m'miyezi yozizira kanjirako kankayendedwa ndithu. Tsono kwathu, ku mtundu wa amayi, kangalande kameneka n'kozama, m'mbali mwake mwaima njo ngati mizere ya mbatata, ndipo pansi pake mlomo umatulutsa kansonga kolendewera, ngati dontho la madzi limene likukana kugwa padenga. Amayi anali nako. Ine ndili nako mpaka lero, ngakhale makwinya akazinga mbali zonse. Fanuwelo anabadwa nako. Atate analibe. Wawo unali wosalala ngati mpini wa khasu, ndipo ankadandaula kuti mwa ana onse palibe amene anawatengako pakamwa. Amayi ankangoti, “Mwawapatsa makutu, a bambo, mukufunanso chiyani?” Makutu a atate anali ngati masamba a fodya, ndipo amenewo tinagawana tonse, palibe anamanidwa.

Munthu amene ankaidziwa milomo kuposa aliyense anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, a Litinesi. Chikuku chinawatseka makutu ali mtsikana, atadziwa kale kuyankhula. Kuyambira pamenepo ankamva ndi maso. Ukamayankhula nawo sankakuyang'ana m'maso ayi, ankakuyang'ana pakamwa, dwii, ngati pali chakudya chimene wawabisira. Mawu ankawatola pamilomo monga nkhuku itolera mapira. Amuna a ndevu za pamlomo ankadana nawo, ati anthu oipa mtima, ofolera mawu ndi udzu. Ankanena kuti mlomo wam'munsi ndi wantchito, umangodumphadumpha, koma wam'mwamba umakhala phee n'kumakuuza kumene munthu anachokera. Anaipatsa mayina milomoyo: wa uta, wa khasu, wa bakha, wina ati wa kamtsuko. Vuto lawo linali limodzi lokha. Posamva mawu awo omwe, kunong'ona sankakudziwa. Ukawauza chinsinsi m'nyumba, ankachibwereza kuti atsimikize, ndipo anthu otunga madzi kudambo ankachimva bwinobwino.

Tsono kunafika uthenga wakuti kukubwera wamkulu wa dziko, amayi onse akakonzekere chimtali pabwalo la sukulu ina kufupi ndi Mponela. Masiku amenewo uthenga wotere sunkafunsa ngati uli ndi mpata. Mtondo ukhale, munda ukhale, iwe kwera lole. Mayi aliyense anali nayo nsalu ija, ndipo amene anali ndi khanda anapeza ziwiri, ina yovala, ina mbereko, kuti mwana naye aoneke kuti ndi wa chipani. A Litinesi okha anatsala, chifukwa amayi otsogolera gule anati anzawo akatembenukira kumanja iwo amapita kumanzere. Sanadandaule. Anakhala pakhonde ndi lichero lawo, kusenda mtedza wa mbewu.

Ine linali tsiku langa loyamba kukwera lole. Mayo ine, kukoma kwake! Mphepo m'makutu, mapiri akuthamangira kumbuyo, amayi akuimba, nsalu zatsopano zikununkhira sitolo. Pofika pabwalo paja, anthu, anthu, anthu, a kumapiri, a kumadambo, a mbali ya Madisi, a mbali ya Ntchisi Boma, onse ngati mayi mmodzi wabadwa kambirimbiri. Dzuwa la nyengo imeneyo mukulidziwa, lija lowotcha mapazi, nyenje zikulira mpaka m'mutu. Makanda anawagoneka pamphasa pansi pa mkuyu waukulu, ndandanda ngati maungu pamsika, aliyense wokulungidwa m'nsalu yomweyo. Amayi anagoneka Fanuwelo pafupi ndi muzu wotukuka nati, “Eneresi, muzu uwu uukumbukire.” Ine ndinaukumbukira ndithu. Koma posakhalitsa anatiitana alezi tonse kuti tikaombe m'manja, ati m'manja mukuchepa, ana n'kuwasiya ndi gogo wina wa pamudzi pomwepo. Gogoyo anali wachifundo, Mulungu amuone. Dzuwa likasuntha, mthunzi n'kuthawa, iye ankakoka ana kuwalondoletsa mthunziwo, uyu uku, uyu uko, ngati akuyanika ufa. Ife osadziwa kanthu, tili kalikiliki kuomba m'manja ndi kuimba:

Fumbi kwera, fumbi kwera,
Ukauze mitambo kuti tavina!

Tinaimba mpaka mitambo inamva. Inachokera kumapiri a Ntchisi, yakuda bii, mphepo patsogolo pake ikunyamula masamba ndi zipewa za anthu. Mphezi ng'ani, bingu gugudu! Oimba ng'oma ndiwo anayamba kuthawa, atafungatira ng'oma zawo kuti zikopa zisanyowe. Madalaivala akuliza mahutala, akukuwa kuti msewu ukaterera tigona pompano, wotsala atsale. Amayi onse liwiro ku mkuyu. Mvula ikumenya, ana akulira, aliyense watola mtolo wake, waufunditsa kumutu, wathamanga. Amayi anga anatola mtolo wa pamuzu paja, nauika kumsana kwanga, namanga mfundo pachifuwa panga, iwo n'kugwira dzanja mnzawo wina woyembekezera kuti akwere lole. Mwana analira pang'ono, kenaka kugwedeza kwa lole kunamugoneka.

Pamene tinkatsika pamphambano ya kwathu mvula inali itakata. Dziko lonse linkanunkhira dothi lonyowa, fungo lija lokuchititsa kufuna kunyambita chulu. Tinafika pakhomo dzuwa litangopendeka. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinadabwa pang'ono, chifukwa Fanuwelo akamalira ankagwedeza msana wanga wonse, koma uyu ankalira mopempha, ngati kamwana ka mbuzi. Amayi anakhala pakhonde, namumasula, namuika kubere osayang'ana n'komwe, nkhope atalozetsa kwa a Litinesi, akuwafotokozera za gule ndi mvula. Kenaka mawu anawathera pakati. Fanuwelo ankayamwa ngati thole, kukoka mpaka amayi ankati akuwamwa ndi msana womwe. Uyu ankayamwa mwaulemu, ngati mlendo, kamlomo kakulira tswa, tswa, tswa. Amayi anavundukula nsalu pang'onopang'ono.

Kamwana kokongola, ayi ndithu, kakuda bwino, maso owala. Koma kangalande kake kosaya, kongooneka patalipatali, ndipo kansonga kathu kaja kunalibe. M'malo mwake, mbali ya kumanzere, mlomo unali wokwezeka pang'ono ngati wina anautsina ndi chikhadabo, ndipo kuchokera pamenepo kamzere kopyapyala kanakwera mpaka kumphuno, ngati msoko wa telala waluso. Amayi anakuwa. Kukuwa kumeneko ndikukumvabe. Atate anathamanga kuchokera ku nazale ya fodya, matope mpaka m'mawondo.

“Amake Eneresi, kwagwanji?”

“Uyu si mwana wanga! Fanuwelo wanga ali kuti?”

Atate anawerama, nayang'ana, nayang'ananso. Mtima wawo unkafuna kuti zikhale zabodza. “Ndi yemweyu, mayi. Makanda amasinthasintha. Mvula yamufinya nkhope.”

“Mvula imasoka mlomo, a bambo? Tayang'anani makutu, kodi awa ndi anu?”

Atate anayang'ana timakutu tija, tating'ono, togona bwino ngati nyemba, ndipo anangokhala pansi pamatope pomwepo. Kenaka amayi anapeza kamendulo pakhosi pa mwana, komangidwa ndi ulusi. Ife a chalichi cha kwathu mendulo sitivala, imeneyo ndi ya Akatolika. Koma midzi ya Akatolika kuyambira kwathu mpaka ku Madisi, uyambira pati? Malole anali atabalalika kale, lina uku lina uko. Amayi anayamba kuwerengera zoopsa zonse: mwina amene watenga Fanuwelo alibe mkaka wokwanira, mwina lole yawo yatitimira m'matope, mwina akuona ngati tawalodza. Ine ndinangoima pamenepo, misozi ikuyenda m'kanjira kaja.

Amayi anati tikanene kwa a tcheyamani a chipani. Atate anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere, natsitsa mawu mpaka pansi. “Tikanene kuti chiyani? Kuti nsalu zofanana zasokoneza ana? Mukufuna ndikagone kumene anzanga sabwerako?” Ananong'ona ndithu, ine ndemwe ndinamva movutikira. Koma anaiwala kuti pakamwa pawo panali poyera, popanda ndevu, ndipo a Litinesi anali kutsogolo kwawo.

“ZOONA ALAMU! NSALU ZOFANANAZI NDIZO ZASOKONEZA ANA!”

Nkhuku zinabalalika. Atate anadumpha ngati aponda moto, nayamba kuimba nyimbo ya chimtali mokweza, kuti ngati wina akudutsa amve kuti pakhomo pano pali chikondwerero. Bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, matope m'mawondo, akuimba fumbi kwera, mkazi wake akulira pambali! Tsiku limenelo sindinaseke, koma ndakhala ndikulipira kuseka kumeneko moyo wanga wonse.

A Litinesi sanasamale za nyimboyo, poti sanaimve. Anatenga mwana m'manja mwa amayi, namutembenuzira ku dzuwa, nayendetsa chala pa kamsoko kaja, kuchokera pamlomo kukwera kumphuno, kutsikanso. Anatsinzina ngati munthu wolawa ndiwo. Kenaka nkhope yawo inawala.

“NDAUDZIWA! NDI WA WOKHOMA NDOWA!”

Ankatanthauza a Gilisoni, bambo wina amene ankakhoma ndowa ndi zitini, tsiku la msika n'kumakhala ku Mponela. A Litinesi ndowa yawo itabooka anawapititsira kwawo kwenikweni, kumudzi umene anakwatirako, kuseri kwa phiri, kutsidya kwa dambo. Ati bambo ameneyo anawavutitsa kumumva, chifukwa mawu ake ankatuluka motsimphina mbali ya kumanzere, ndiye anauyang'anitsitsa mlomowo mpaka kuuloweza. Ati m'dziko lonse limene iwo anayendamo, msoko wotere anauona pa munthu mmodzi yekhayo. Atate anakayika. Amayi anali atabereka kale mwana kumsana, ali panjira.

Tinauyamba ulendo, a Litinesi patsogolo, amayi pakati, ine ndikuthamangira m'mbuyo mwawo poti ndinakana kutsala, atate pambuyo ndi ndodo. Njira inali yoterera, dothi lofiira likumatirira kumapazi mpaka phazi kulemera ngati mwala. Ngumbi zinali zitatuluka, mapiko ake akung'anima paliponse, ana a m'midzi akuzithamangitsa ndi timbale, achule ayamba kale msonkhano wawo kudambo. Tsiku lina ndikanalowa nawo m'gulu la ngumbilo, koma tsiku limenelo sindinatole ngakhale imodzi. Amayi ankayenda mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa bulauzi. Mwana wa eniyo atalira pokwera phiri, anaima, namuyang'ana nthawi yaitali, namupatsanso bere. Anati, “Yamwa, mwana wa mnzanga. Kumene kuli wangako, wina amuchitire chomwechi.”

Tisanauone mudzi tinaumva: ngo, ngo, ngo, nyundo pa chitsulo. Atate anatiimitsa pa mtengo wa mango. Anati nkhani iyi ndi yofunika ulemu, tikafika tiodire, tikhale pansi, tipatsane moni, woyankhula akhale iwo. Amayi anavomera, ine ndinavomera. A Litinesi anali kutsogolo, atatipatsa nkhongo, ndiye malangizo onsewo anagwera m'udzu.

A Gilisoni anali pakhonde, ndowa pakati pa miyendo. Akazi awo, a Naphiri, mayi wamtali wa mapewa otambalala, ankasefa ufa pafupi ndi nkhokwe. Atate asanamalize n'komwe kunena odi, a Litinesi anamasula mwana kumsana kwa amayi, nalunjika pakhonde, namukweza pafupi ndi nkhope ya bamboyo, tsaya ndi tsaya. Anzanga, ngati nyemba ziwiri za m'khoko limodzi! Kutsinika komweko, mbali yomweyo, kamsoko komweko, kungoti wina wakale wina watsopano.

“MWANA UYU NDI WANU! TAONANI MLOMO! TAKUBWERETSERANI!”

Sefa inagwa. A Naphiri anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana mwana, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana amayi anga ndi bulauzi yawo yonyowa mkaka. Ulemu wonse wa m'banja unagwera mu ufa.

“Gilisoni! Ku Mponela kuja umati ukukhoma ndowa, kani ndowa zake ndi izi?”

“Amayi, ine anthuwa sindikuwadziwa...”

“Iwe sukuwadziwa, koma mlomo wako ukuwadziwa! Ine ana onse ndakuberekera aja, palibe ndi mmodzi yemwe unamupatsa mlomo umenewu. Kani unkausungira a kumsika?”

Atate anayesa. “Pepani mayi, mwina tikhale kaye pansi...”

“Inunso ndinu ndani? Ankhoswe ake? Mwabwera ndi ndodo yomwe!”

Analowa m'nyumba ngati kamvulumvulu. Kunatuluka bulangete, kunatuluka jekete, kunatuluka nsapato imodzi. Mukudziwa mkamwini katundu wake sachuluka. “Tenga nyundo yako, ukamwini watha lero!” Mudzi wonse unasonkhana, ana ndi timbale tawo ta ngumbi, azimayi ndi zipande m'manja. A Gilisoni angoti kakasi, chala chili pamlomo pawo ngati akufuna kuubisa. Atate akuti ayambe nkhani, a Naphiri akuwadula. A Litinesi ataona kuti pakamwa pa aliyense pakuyenda mofulumira kwambiri, anangobwerezanso, “KOMA NDI WANU NDITHU!” Amayi anga, amene anali asanayankhulepo ndi mwamuna wachilendo chikwatiwire, anafunda nsalu kumutu ndi manyazi.

Chimene chinatipulumutsa ndi ukali womwewo. A Naphiri anati abwere naye kuno mwanayo amuonetsetse, kuti pokanena kwa ankhoswe akanene zoona. Anamulanda, namuyang'ana pamlomo, namuyang'ana pachipumi, nagwira kamendulo kaja. Anayang'ananso.

“Iii! Koma uyu si Damiano wa alamu anga? Mendulo iyi ndinamanga ndine tsiku la ubatizo!”

Kenaka mayi uja anakhala pansi, mwana ali m'manja, naseka, naseka, mpaka misozi. Apo m'pamene atate anapeza mpata wofotokoza za mkuyu ndi mvula, ndipo za nsalu anazilumpha mwaluso ngati munthu wolumpha ngalande. Mwanayo anali wa mlongo wawo wa a Gilisoni, a Nankhoma, amene ankakhala kumudzi kwawo kobadwira, pamtunda pang'ono. A Gilisoni anatola jekete lawo, nalikung'untha, navala, ndipo ankaoneka ngati munthu wotuluka m'madzi. Akazi awo anawapatsa nsapato ija nati, “Inunso a bambo, bwanji osanena?”

Popita kumtundako a Gilisoni anatiuza za mlomo wawo, akuyenda chammbali kuti a Litinesi aziona. Ati unachokera kwa agogo awo aamuna, obereka amayi awo. Amayi awo unawalumpha. Mlongo wawo unamulumpha. Ana awo onse unawalumpha. Unagwera iwo, n'kudzagweranso mwana wa mlongo wawoyu. Ati umayenda ngati madzi a mumtsinje wa mchenga, kulowa pansi apa, kukatulukira patsogolo pamene sukuyembekeza. Ati panalinso msuweni wawo wina amene wake unali wotsegukiratu mpaka kumphuno, ndipo anakamusoka kuchipatala cha mishoni, pano ndi bambo wa ana ake, amaimba kwaya. Amayi sankamva zonsezo. Maso awo anali kutsogolo, miyendo ikufulumira, mpaka tonse tinayamba kuthamanga.

Kumudziko tinapeza chipwirikiti. Amuna atatulutsa njinga, akukangana kuti ayambire msewu uti. Azimayi atazinga khonde lina, ena akulira ngati pamaliro. Pakati pawo panali a Nankhoma, mayi wamng'ono thupi, maso otupa, nsalu ija idakali m'chiuno, akulira mosisima. Ndipo pachifuwa pake, anzanga, pachifuwa pake panali mwini nkhani, miyendo ili tambalale, dzanja limodzi likuseweretsa mkanda wa mayiyo, kansonga kathu kaja katakanirira pabere la eni ngati nkhupakupa. Fanuwelo! Ife tafa ndi mantha, tawoloka dambo, banja la anthu latsala pang'ono kutha, iye ali pa phwando.

Amayi anagwada pansi. A Nankhoma ataona Damiano wawo m'manja mwa alamu awo anatambasula dzanja limodzi, namukumbatira, namununkhiza m'khosi, nayendetsa chala pa kamsoko kake. Amayi nawo anatambasula manja kuti atenge wawo. Fanuwelo anawayang'ana ndi diso limodzi, nawazindikira bwinobwino, namwetulira ndi tsaya, koma bere osalisiya. Anamukoka pang'ono, iye n'kukanirira. Anamuitana, “Fanu, Fanu, ndine mayi ako,” iye n'kutsinzina. Basi amayi anakhala pansi pomwepo, atagwira kaphazi kake, kudikira kuti bwana amalize.

A Nankhoma, misozi idakali m'masaya, anati, “Mayi, mwana wanuyu mumamudyetsa chiyani? Chifikireni wandimaliza mbali zonse. Amadya ngati waganyu.”

Apo ndiye kunaphulika nthungululu. Azimayi onse a pamudzipo, a Naphiri patsogolo, amayi anga akuseka ndi kulira pamodzi. Ine ndinayesa yanga yoyamba, mpweya n'kumathawira pa mpata wa mano, koma ndinaimba ndithu. A Litinesi anayang'ana malilime onsewo akuvina, nawonso anatsegula pakamwa, ndipo yawo inaposa onse, agalu anathawira kuthengo. Anatikazingira ngumbi zodzaza mbale, anagwira nkhuku, anatikaniza kubwerera mpaka m'mawa. Za nsalu palibe amene anatchula. Koma tsiku la gule lenileni, pansi pa mkuyu womwe uja, ndinaona kuti khanda lililonse lili ndi kachingwe kumwendo, wina kofiira, wina ka luzi, wina kansanza ka diresi lakale. Azimayi sanapangane pamsonkhano, nkhani inangoyenda yokha kuchokera pachitsime kupita pachitsime.

Mdzukulu wanga wina anaphunzira za unamwino, ndipo tsiku lina ndikumusimbira nkhaniyi anandiuza chinthu chimene chinandikondweretsa mpaka ndinaimirira. Ati mwana akamaumbidwa m'mimba, mayi ake asanatsimikize n'komwe kuti ali ndi pakati, mlomo wam'mwamba sukhala chinthu chimodzi. Zimakhala zidutswa, china chotsika pakati kuchokera kumphuno, zina zochokera m'mbali, n'kudzakumana n'kulumikizana. Mizere iwiri ya kangalande kaja ili pamene zinakumanira. Zikakumana mochedwa pang'ono pamatsala kamsoko ngati ka Damiano, zikapanda kukumana mlomo umakhala wotseguka, ndipo si ufiti, si chimene mayi anadya kapena kuseka, kawirikawiri zimangoyenda m'magazi a mtundu. Ndinati mwana iwe, ndiye kuti tonsefe ndife osokedwa! Ndinapita pagalasi kukadziyang'ana, gogo wathunthu, kuyamikira amene anandisoka ine, poti sanaumire ulusi.

Lero zinthu zinasintha, ndipo zambiri ndikuziombera m'manja. Nsalu ndi zamitundumitundu, aliyense amavala imene mtima wake wakonda, ndipo munthu ukhoza kunena mokweza kuti iyi sinandikomere, osayang'ana kumanja ndi kumanzere. Kuchipatala makanda amawamanga kalamba kolembedwa dzina pamkono. Ana obadwa ndi mlomo wotseguka amawasoka akadali aang'ono, ukakumana nawo atakula sungadziwe. Mwana atasokonekera lero, chithunzi chake chingazungulire Dowa yense palamya mvula isanakate, palibe angawoloke dambo, palibe mkamwini angatayiridwe bulangete. Koma chibale chimene ife tinatola tsiku lija, sindikudziwa ngati lamya ingachibereke.

Amayi ndi a Nankhoma anakhala ngati munthu ndi mng'ono wake mpaka ukalamba. Akakumana ku Mponela moni wawo unali umodzi, aliyense kufunsa mnzake, “Mwana wanga uja ali bwanji?” Ndipo amayi atatisiya, atakalamba bwino, atadyera zidzukulu, kunabwera bambo wa imvi pa njinga, m'mawa anthu akupita kumanda. Mukudziwa mwambo wathu, wachibale sakumba, amakumba ndi ena. Mkulu wa okumba manda ataona mlendo wamphamvu zake anamupatsa khasu. Ine ndinali m'nyumba ya maliro pafupi ndi zenera, ndinamva zonse.

“Khasulo patsani wina, akulu. Mwana sakumba manda a mayi ake.”

“Inu ndinu mwana wa pano? Sitikukudziwani.”

“Ndine Damiano. Mayiwa ine ndinawayamwa.”

“Munawayamwa liti?”

“Tsiku limodzi lokha. Koma ndinakhuta.”

Fanuwelo, mutu uli mbuu ndi imvi, anadzuka pamphasa ya anamfedwa, namugwira dzanja, namukhazika pambali pake, akunena kuti, “Musiyeni, ndi wathu uyu. Ine kwawo ndinadya zoposa pamenepo.” Ndipo ine m'nyumba muja, misozi ili m'masaya, ndinaseka, ndinaseka, anzanga, mpaka amayi a chalichi anachita kundigwira pakamwa.